Mwana wa mnzanu akadwalika: mafunso ndi mayankho pa za pemphero, chipatala ndi thandizo

Awa ndi mafunso amene anthu oyendera odwala kuno ku Mangochi amakumana nawo kawirikawiri, kaya ndi a kutchalitchi, a kumzikiti kapena a zaumoyo. Tayankha poganizira inu amene si kholo la mwanayo, koma ndinu mnzawo wa makolo ake, ndipo mukufuna kuthandiza osadziwa poyambira.

Ndangomva kuti mwana wa mnzanga wadwalika. Ndiyambe n'kuitana anthu opemphera kapena kuthamangira kuchipatala?

Pempherani muli m'njira. Ngati mwanayo akadali pakhomo ndipo akukomoka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse chimene wapatsidwa, wafooka moti sakudzuka ngakhale mum'gwedeze, akubanika mpaka nthiti kumalowa m'kati, zikhatho zayera mbee, kapena mapazi onse awiri atupa, ntchito yanu yoyamba ndi kupeza njinga yamoto kapena galimoto. Chizindikiro chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira. Malungo aakulu, amene amachuluka kuno kunyanja nthawi ya dzinja, angathe kutenga mwana m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mawu oti "tione kukacha" ndi amene amadya maola ofunika.

Musaiwale kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, chitenje chom'funditsa ndi foni yokhala ndi moto. Ngati muli kutali ndi boma, monga ku Makanjira kapena ku Katuli, yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi, amene amapereka mankhwala oyamba ndi kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu. Mukasowa wofunsa, imbani 54747, Chipatala cha pa Foni. Pa Airtel n'kwaulere.

Mwana akayamba kukomoka muli pomwepo, m'gonekeni cham'mbali, kutali ndi moto, m'masuleni zovala. Musamuike supuni, chala, madzi ngakhale mafuta odalitsidwa m'kamwa. Mwana wokomoka sameza, choncho chimene mwathira chimalowera m'mapapo. Musam'fukize utsi ndipo musam'wambe mapazi.

Kodi kudalira mankhwala si kuchepa chikhulupiriro?

Ayi. Mneneri Yesaya, atabweretsa uthenga woti Mulungu achiritsa mfumu Hezekiya, analamulanso kuti amumate nkhuyu pachithupsa (Yesaya 38:21). Yesu ataukitsa mwana wamkazi wa Yairo anauza makolo kuti am'patse chakudya (Marko 5:43). Kwa Asilamu, Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) anaphunzitsa kuti odwala afune chithandizo, pakuti Allah sanatsitse matenda popanda mankhwala ake. Amene akuuza kholo kuti lisankhe pakati pa Mulungu ndi jakisoni akulisenzetsa katundu amene malemba sanalisenzetse.

Ndikafika kuwodi ndinene chiyani? Ndimaopa kulakwitsa.

Mawu ochepa ndi okwanira: "Pepani achemwali, mwana wagona bwanji? Nanga inu mwadya?" Kenaka khalani pansi, mumvetsere. Akafuna kufotokoza kuyambira tsiku loyamba, asiyeni afotokoze ngakhale munamva kale. Akangoti phee, nanunso khalani chete. Si udindo wanu kudzaza mpatawo ndi mawu. Anzake a Yobu anakhala naye masiku 7 osalankhula, ndipo pamenepo anali asanalakwe. Analakwa atayamba kum'fotokozera chifukwa chimene akuvutikira.

Pali mawu amene amamveka achikondi kwa wolankhula koma amabaya kwa womva. "Munachedweranji kubwera naye?" Funso limeneli mayi amadzifunsa yekha usiku wonse, sakusowa wina wom'kumbutsa. "Mwana wa uje anadwalanso chonchi, sanakhalitse." "Mukanakhala ndi chikhulupiriro bwenzi atadzuka." Komanso lonjezo loti "ndaona m'masomphenya, Lachitatu mutuluka": Lachitatu likadutsa mwana akadali pa okosijeni, mwawasiyira mabala awiri, la mwana ndi la kukayika Mulungu.

Musafunsenso kuti "ndikuthandizeni chiyani?" Munthu wosagona masiku atatu sangakuyankheni. Nenani chinthu chenicheni: "Mawa m'mawa ndibwera ndi phala, ndipo zovala za mwanazi ndikachapa."

Tingapemphere bwanji m'wodi osasokoneza ena?

Wodi ya ana si tchalitchi. Nthawi ya mvula bedi limodzi limatha kugona ana awiri, ndipo mayi wa mwana winayo angakhale wa chipembedzo china. Choncho:

Funsani kwa mlonda kapena namwino nthawi yoonera odwala, ndipo pewani m'mawa pamene madokotala akuzungulira. Lowani awiri kapena atatu, otsalawo apempherere panja kapena kumagadiyani. Sambani m'manja ndi sopo polowa ndi potuluka. Amene ali ndi chimfine, chifuwa kapena kutsegula m'mimba asalowe n'komwe. Pemphani chilolezo kwa kholo musanayambe. Pempherani motsitsa mawu, mphindi ziwiri kapena zitatu. Phokoso ndi kuwomba m'manja zimadzidzimutsa mwana wodwala, ndipo kwa wodwala kafumbata zimayambitsanso kuuma kwa thupi. Ngati mukufuna kusanjika dzanja, ikani pamapewa a mayi kapena pachofunda cha mwana, kutali ndi kanula, diripi ndi timachubu. Ngati mpingo wanu umadzoza mafuta monga akunenera Yakobo 5:14, kadontho ka pamphumi n'kokwanira. Osati m'kamwa, m'maso kapena pabala.

Pemphero lake lisakhale ulaliki. Mwachitsanzo: "Mulungu wathu, mwana uyu mukum'dziwa ndi dzina lake. M'chepetsereni ululu, mankhwala agwire ntchito, apatseni nzeru madokotala ndi anamwino, ndipo mayi akewa muwapatse tulo usiku uno." M'tchuleni mwanayo dzina. Ngati ndi wamkulu woti akumva, m'funseni iyenso chimene akufuna mum'pempherere. Ana ena amapempha zinthu zimene akuluakulu sitiganizira, monga kuti jakisoni asapweteke kapena kuti asatsalire mayeso.

Ine ndine Mkhristu, mnzanga ndi Msilamu (kapena mosemphanitsa). Nditani?

Kuno ku Mangochi zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku, ndipo n'zosavuta ngati mwayamba mwafunsa: "Achimwene, ndim'pempherere mwanayu, kapena ndikakuitanireni ashehe adzapange duwa?" Akakana pemphero lanu pabedi, musakhumudwe, kapempherereni kwanu, Mulungu sasowa njira. Chimene sitigwirizana nacho mpang'ono pomwe ndi kupezerapo mwayi pa mantha a kholo kuti lisinthe chipembedzo, kapena kubatiza mwana wa eni mobisa.

Thandizo labwino kwambiri ndi lopatsa mnzanu mpata wopembedza m'njira yake. Mkhristu akhale ndi mwana pamene mayi akukachita swala kapena bambo apita ku Jumua Lachisanu. Msilamu akhale naye Lamulungu kapena pa Sabata. Pa chakudya, banja lachisilamu musalitengere nyama imene simukudziwa amene anachinja, kapena ndiwo zophikira mumphika umene mumaphikira nkhumba. Usipa, utaka, nyemba, mazira ndi masamba sizibweretsa mafunso.

Kwa Akatolika, mwana wosabatizidwa akakhala pangozi ya imfa ndipo wansembe sangafike msanga, munthu aliyense angathe kum'batiza ndi madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, makolo atapempha. Pambuyo pake kadziwitseni kuparishi.

Nditenge chiyani popita?

Kuchipatala cha boma chithandizo n'chaulere, koma gadiyani amadziphikira yekha, ndipo ambiri amachoka pakhomo mothamanga atangomangira chitenje chimodzi. Zosowa zake ndi ufa, ndiwo zouma, mchere, shuga, mafuta ophikira pang'ono, makala kapena nkhuni, poto, mbale, kapu, ndowa kapena beseni, sopo wochapira ndi wosambira, zitenje ziwiri kapena zitatu, matewera, tochi, chaja ndi mayunitsi. Ufa wa makilogalamu 5 umafikitsa anthu awiri pafupifupi sabata. Ndi bwino kubweretsa pang'onopang'ono kusiyana n'kutula thumba lonse, chifukwa kumagadiyani malo osungira ndi ochepa.

Chakudya cha mwana wodwalayo ndi nkhani ina: funsani namwino kaye. Mwana wa kuwodi ya onyentchera amapatsidwa mkaka wapadera woyezedwa ndi maola, ndipo nsima, zakumwa zotsekemera kapena mabisiketi zingam'bwezere m'mbuyo. Amene akudikira opaleshoni saloledwa kudya kwa maola angapo. Wina akam'patsa kaphala mwachifundo, opaleshoni imaimitsidwa. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodziyo, si chogawira abale ake.

Tikufuna kusonkha ndalama. Tichite bwanji kuti pasadzakhale mkangano?

Sankhani anthu awiri, wosunga ndi wolemba. Chilichonse cholowa chilembedwe m'kope kapena pagulu la WhatsApp tsiku lomwelo. Musanagule kanthu funsani banjalo chimene chikuwapanikiza: mwina ndi bilu ya chipatala cha mishoni monga St Martin's ku Malindi, kumene odwala amalipirako, mwina ndi mankhwala amene awauza kuti akagule kufamase, mwina ndi thiransipoti. Potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, onjezerani yotapira, ndipo tsimikizani kuti nambalayo ili m'manja mwa amene ali ndi mwana kuchipatala. Musapereke zonse sabata yoyamba. Matenda aatali amafuna ndalama pamene osonkha atopa, ndipo pamenepo ndi pamene mabanja amagwa m'katapila kapena kugulitsa ukonde ndi chimanga chodya.

Makolo akukana okosijeni ndi kachubu ka m'mphuno, akufuna kutuluka naye mwana kuti apite kwa mneneri kapena kwa sing'anga. Ndiwauze chiyani?

Apa ndi pamene mnzawo weniweni amaoneka, chifukwa makolo amantha amamvera munthu amene amam'dziwa kuposa wovala yunifomu.

Yambani n'kumva mantha awo. Mphekesera yoti okosijeni amapha ana ili ndi pochokera: mayi amaona mwana wa pabedi loyandikana aikidwa timachubu, m'mawa mwake wamwalira. Koma mpweyawo amaikira ana amene afika atadwalika kale kwambiri, ndipo ena mwa iwo amatha ngakhale athandizidwe. Chinawapha ndi chibayo kapena malungo, osati mpweya. Ambiri amene anaikidwa amachira n'kupita kwawo, kungoti iwowo sakambidwa m'mudzi. Kachubu kolowa m'mphuno kamafika m'mimba, ndipo ntchito yake ndi kudutsitsa mkaka ndi mankhwala kwa mwana amene sangameze. Kutenga madzi a pamsana ndi njira yodziwira ngati mwana ali ndi matenda oumitsa khosi. Madziwo ndi madontho ochepa amene thupi limabwezeretsa lokha.

Vuto lina limabwera mwana akayamba kupeza bwino. Pa malungo aakulu amabayidwa jakisoni wa artesunate katatu m'maola 24 oyamba, kenaka ayenera kumaliza LA, kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Matenda oumitsa khosi amafuna majakisoni a sabata kapena kuposerapo. Mwana akatsegula maso n'kupempha madzi tsiku lachiwiri, achibale amati wachira, enanso amati pemphero layankhidwa, tiyeni kunyumba. Thokozani Mulungu, inde, koma tizilombo sitinathe, ndipo mwana wothawitsidwa amabwerera atafooka kuposa poyamba.

Chochita: pitani nawo limodzi kwa namwino kapena dokotala, mufunse m'malo mwawo mafunso amene akuchita nawo manyazi. Ngati akufuna pemphero la abusa kapena ashehe awo, aitaneni abwere kuchipatala, kapena apemphere pafoni. Mtsogoleri amene akuti sangapemphere pokhapokha mwana achotsedwe diripi, kapena pokhapokha mufese kaye mbewu ya ndalama, ameneyo m'kayikireni.

Ena akuti mwana walodzedwa, ena akuti ndi tsempho. Ndilowererepo?

Musathire nkhuni pamoto umenewo. Zizindikiro zimene anthu amati ndi tsempho, monga kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lofiirira ndi kunyentchera, kuchipatala amazidziwa ngati kuperewera kwa zakudya m'thupi kapena matenda ena obisika, ndipo zili ndi chithandizo chake. Kuloza chala bambo kapena mayi kumapasula banja pa nthawi imene mwana akufuna onse awiri. Ophunzira atafunsa Yesu kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, iye anayankha kuti si iyeyo kapena makolo ake (Yohane 9:3). Dziwaninso kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la za ufiti la 1911 limene likugwirabe ntchito, ndipo amene amavutika nazo kawirikawiri ndi agogo osalakwa.

Ngati mwanayo anamwetsedwa kale mankhwala achikuda kapena kutemeredwa mphini, limbikitsani makolo kuuza dokotala mosabisa. Zitsamba zina zimavulaza chiwindi ndi impso, ndipo dokotala akadziwa amasamala posankha mankhwala.

Akuti mwana wachepa magazi. Ine ndingathandize?

Kwambiri. Malungo ndi matenda a sickle cell amachepetsa magazi mwa ana mofulumira, ndipo si nthawi zonse chipatala chimakhala ndi magazi okwanira. Munthu wathanzi wa zaka 16 mpaka 65 angathe kupereka. Amatenga mamililita pafupifupi 450, ndipo thupi limabwezeretsa. Magaziwo amayezedwa kaye asanaperekedwe. Ngakhale gulu la magazi anu lisagwirizane ndi la mwanayo, alowa m'malo mwa amene wapatsidwa, n'kudzapulumutsa wina. Idyani ndi kumwa madzi musanapite. Magazi sagulitsidwa; wina akakuuzani kuti mulipire kuti apezeke msanga, kanenani kwa akuluakulu a chipatala. Gulu la achinyamata a mpingo kapena a kumzikiti limene lapemphera usiku wonse lingathenso kupita ku labu m'mawa mwake.

Atumizidwa ku Zomba kapena ku Blantyre. Thandizo lathu likhale lotani tsopano?

Matenda amene apitirira mphamvu za chipatala cha boma cha Mangochi amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth, ku Gulupu, kumene kuli wodi ya khansa ya ana komanso Mercy James, malo a maopaleshoni a ana amene anatsegulidwa mu 2017.

Chimene chimachedwetsa ulendo nthawi zambiri si ambulansi yokha ayi, koma chilolezo. Mayi sangavomere yekha; bambo ali ku Joni kapena ali panyanja, ndipo atsibweni a mwana, eni mbumba, sanamve. Musadikire tsiku la ulendo. Tsiku loyamba lomwe mwana wagonekedwa pezani manambala a onsewa, muwadziwitse, ndipo pakafunika chisankho apatseni foni alankhule okha ndi dokotala.

Ku Blantyre mayi amafika ngati mlendo wopanda wom'dziwa. Funsani abusa, abambo mfumu kapena ashehe anu akulumikizeni ndi anzawo a kumeneko; amayi a Mvano, a Dorika, a Mothers' Union, a mphakati kapena a kumzikiti wapafupi angathe kumakam'zonda.

Pa khansa tinenepo zambiri. Mtundu wina wofala mwa ana kuno, Burkitt, umatupitsa nsagwada kapena mimba mofulumira, koma umamva mankhwala bwino ukayambidwa msanga. Chotupa chimaphwa pakangopita masabata ochepa, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amasiyira panjira, mwina poganiza kuti zatha, mwina chifukwa ndalama ya minibasi yasowa. Khansa yosiyidwa pakati imabwerera yovuta kuchiza. Lembani masiku onse obwerera kuchipatala pakalendala ya gulu lanu, ndipo ndalama ya ulendo uliwonse isungidwe payokha, isakhudzidwe.

Sindingathe kupita kuchipatala. Pali china?

Pakhomo pamene mayi wachoka patsala ana ena, munda ndi mbuzi. Matenda ambiri a ana amagwa nthawi yopalira ndi kubandira, ndipo banja limene lakhala mwezi m'chipatala limadzakolola njala. Tsiku limodzi la anthu 10 ndi makasu limaposa maulendo 10 okazonda. Gawanani masiku: uyu kuphikira ana, uyu kutunga madzi, uyu kuona kuti apita kusukulu ndipo agona m'neti. Anawo auzeni zoona mwa msinkhu wawo, kuti mng'ono wawo wadwala kwambiri, madokotala akum'thandiza, ndipo si iwo anachititsa.

Abambo nawonso musawaiwale. Aliyense amafunsa za mayi, bambo amangofunsidwa ndalama. Amuna anzake akhale naye, am'perekeze kuchipatala, ndipo akaona kuti wayamba kuthawira kumowa, am'lankhule.

Tikufuna kusala kudya. Makolo asale nawo?

Salani inu anzawo. Mwana wodwala asasale konse, ndipo mayi woyamwitsa kapena gadiyani amene akuchezera usiku ayenera kudya ndi kumwa. Ngakhale m'mwezi wa Ramadan, Chisilamu chimalola wodwala ndi mayi woyamwitsa amene akuopera mwana wake kuti asasale nthawi imeneyo.

Ndingaike chithunzi cha mwana pa WhatsApp kapena Facebook kuti anthu ambiri apemphere?

Pokhapokha makolo avomera, ndipo ngakhale avomere, sankhani chithunzi cha pamene anali bwino, osati ali maliseche ndi timachubu. Dzina la matenda ndi la eni ake. Makamaka za HIV, musaulule ngakhale pa "mutu wa pemphero". Pakhale munthu mmodzi wopereka uthenga kwa onse, kuti foni ya mayi isamangolira. Zinthu zikafika poipa, musalembe kanthu achibale onse asanauzidwe. Bambo amene ali ku Joni asamve za mwana wake pa status ya munthu wina.

Mnzanga wakwiyira Mulungu, akuti sadzapempheranso. Ndim'dzudzule?

Ayi. Salimo 13 likuyamba n'kufunsa Mulungu kuti adzaiwala munthu wake mpaka liti, ndipo Salimo 88 likutha mdima usanachoke. Mawu otere ali m'buku lopatulika lomwelo. Muuzeni kuti, "Musadzikakamize, ife tikupempherani m'malo mwanu," ndipo chitanidi zimenezo, pa ola limene mwagwirizana. Koma mukaona kuti masiku akupita osadya, osasamba, osafuna kum'gwira mwana, kapena akulankhula zodzipha, musam'siye yekha ndipo dziwitsani namwino tsiku lomwelo.

Madokotala anena kuti matendawa sangachizike. Tipempherebe machiritso?

Tsatirani makolo. Ngati akupemphabe chozizwitsa, pemphani nawo, koma onjezerani kupempha kuti mwana asamve ululu ndi kuti iwo apeze mphamvu ya tsiku limenelo. Kusachizika sikutanthauza kuti chithandizo chatha. Pali chisamaliro chochepetsa ululu, kuphatikizapo morphine wamadzi amene mwana angamwere kunyumba. Ku Queen Elizabeth ntchitoyi imagwiridwa ndi a Umodzi, ndipo musanatuluke funsani kumene muzikatenga mankhwalawo kuno kwathu. Aperekedwe pa maola amene alembedwa, osadikira kuti mwana ayambe kulira.

Mwana akatisiya, gwirani ntchito zimene ofedwa sangathe: kudziwitsa amfumu ndi achibale, kupeza galimoto, kulongedza katundu wa kumagadiyani. Banja lachisilamu limaika maliro mwamsanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo, choncho musazengereze. Mawu oti "mukadali ana, mubereka wina" asatuluke pakamwa panu. Anthu akabalalika pakatha masiku atatu, inu bwererani sabata yachiwiri, ndi mwezi wotsatira, ndipo musaope kum'tchula dzina mwanayo. Ngati anali woyamwa, mabere a mayi amadzaza n'kumapweteka kwa masiku angapo: amayi anzake am'thandize kuvala chogwira bwino pachifuwa, kuikapo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndi kufinya pang'ono pokha pochepetsa ululu. Bere likafiira kapena thupi likatentha, m'perekezeni kuchipatala.